Pogula kagalimoto ka banja, sankhirani amene adzakagule kwa inu

Pali udindo wina umene umabwera ndi digiri koma sulembedwa pa satifiketi. Mukangovala gauni, kumudzi amakusandutsani katswiri wa chilichonse: mafomu a kubanki, foni yokana kuyaka, mlingo wa mankhwala a mbuzi, mpaka galimoto. Kwathu kwa Kanduku, m'boma la Mwanza, funso la galimoto likumveka pafupipafupi kusiyana ndi kale. Amalume a ku Joni atumiza ndalama, kapena bambo ndi mayi asonkhanitsa za manachesi ndi za nandolo za zaka zingapo, kapena achemwali amene ndi aphunzitsi atenga ngongole ku SACCO. Ndalama zikakwana, maso onse amaloza kwa inu: “Nanga inu asukulu, tigule iti?”

Kawirikawiri ndalamazo zimangokwanira kagalimoto kakang'ono ka zitseko zisanu, kaja kopanda buti yotalika, kamene kumbuyo kwake kumatsekuka konse pamodzi ndi galasi. Ndiwo mtundu umene amautcha hatchback: Toyota Vitz ndi Passo, Honda Fit, Mazda Demio, Nissan Note, Suzuki Swift, Volkswagen Polo. Timagalimoto timeneti timanyamula anthu asanu ndi thumba la chimanga kumbuyo, ndipo sitimwa mafuta ambiri.

Vuto lathu achinyamata ndi loti timasankha ndi maso. Timayang'ana sikirini ya padashibodi, marimu onyezimira, mtundu wa penti, ndi mmene chithunzi chidzaonekere pa WhatsApp. Ine ndikuti, ngati banja likuika chuma chake chonse m'galimoto imodzi, munthu woyamba kumuganizira si inu, si amalume, koma munthu amene simudakumanepo naye: amene adzagule galimotoyo kwa inu pakatha zaka zitatu kapena zinayi. Gulani imene iyeyo adzaifune.

Chifukwa chake n'chodziwika. Kwa mabanja ambiri a kwathu galimoto si yoyendera chabe. Usiku ndi ambulansi, tsiku la msika ndi ngolo, ndipo pamwamba pa zonsezi ndi nkhokwe ya ndalama. Mwana akasankhidwa kupita ku yunivesite, kapena matenda aakulu akalowa m'nyumba, chinthu chimene chimagulitsidwa msanga ndi galimoto. Tsiku limenelo kukongola kwake kulibe ntchito. Chofunika ndi choti ituluke m'manja pasanathe sabata, pamtengo woti banja lisalire.

“Yatsopano” kwa yani?

Mawu akuti “yatsopano” kuno ali ndi matanthauzo awiri. Loyamba ndi galimoto yosayendapo, yogulidwa kwa ogulitsa ovomerezeka, mipando ikadali m'mapulasitiki, ili ndi waranti. Lachiwiri, limene ambirife timatanthauza, ndi galimoto imene yangolowa kumene m'dziko kuchokera ku Japan, itayendapo kale zaka 8 kapena 10 kumeneko.

Yosayendapo ili ndi ubwino wake. Mbiri yake imayamba ndi inu, palibe amene adabwezapo makilomita, ndipo ikavuta muli ndi kokadandaula. Koma ndi imenenso imagwa mtengo kwambiri m'zaka zoyambirira, ndipo kuno kugwako kumakula chifukwa cha amene mudzapikisane nawo pogulitsa. Mukadzaika galimoto yanu ya zaka zitatu pamsika, wogula adzaiyerekeza ndi Vitz imene angathe kuitanitsa pafoni kudzera ku Be Forward kapena SBT pandalama zochepa kwambiri. Anthu amene angafike pamtengo wanu ndi ochepa, ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo munthu wa ndalama zoterozo nthawi zambiri mtima wake umakhala pagalimoto yaitali. Mudzadikira.

Dziwaninso kuti dzina lolembedwa kumbuyo silinena zonse. Toyota Starlet imene idayamba kugulitsidwa mu Africa mu 2020 ndi Suzuki Baleno yopangidwa ku India, yongosinthidwa chizindikiro. Vitz yatsopano imene idatuluka ku South Africa mu 2023 ndi Suzuki Celerio, pamene ku Japan dzina la Vitz lidatha mu 2020, Yaris italowa m'malo. Magalimoto amenewa si oipa ayi, koma masipeyala a Vitz yakale amene adzaza m'mashopu a ku Limbe sangalowe mmenemo.

Nanga za ku Japan zimachulukiranji? Kumeneko galimoto yatsopano imakayesedwa pakatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kuyesetsako kumadya ndalama. Eni ake ambiri amaona kuti n'kwabwino kungoigulitsa ikadali yamphamvu. Ndiye kuti kugwa kwakukulu kwa mtengo kudachitikira kale m'thumba la munthu wa ku Osaka kapena ku Nagoya, ndipo inu mukuigula pamene mtengo wayamba kutsika pang'onopang'ono. Kwa banja la ndalama zowerengeka, pamenepa ndi poyambira pabwino.

Chenjezo ndi loti mtengo umene mukuuona pa intaneti si umene mudzalipire. Onjezanipo ya sitima kukafika ku Dar es Salaam, Durban kapena Beira, ya ejenti wapadoko ndi wapaboda, ya dalaivala ndi mafuta apanjira, msonkho wa MRA, kulembetsa ku Road Traffic, inshuwalansi ndi COF. Msonkhowo umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, moti yakale kwambiri imene imaoneka yotchipa pachithunzi ikhoza kufika pakhomo itadula kuposa ina yocheperako zaka.

Masamu a kwacha amanama

Mwina mudamvapo anthu akunena kuti galimoto ku Malawi siluza, umaigulitsa pamtengo woposa umene udagulira. Manambala ake amaoneka ngati akuvomereza, koma tiyeni tiwaunike.

Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi idagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idaigwetsanso ndi 44 peresenti. Mu 2021 dola imodzi inkagulidwa pafupifupi K800 kubanki. Pofika 2024 inali pafupifupi K1,750, ndipo pamsika wamseri inali pamwamba kwambiri kuposa apa.

Tsopano tiyerekeze kuti banja lidagula Vitz pa K4 miliyoni mu 2021 n'kuigulitsa pa K6 miliyoni mu 2024. Pabwalo nkhani idzamveka yoti apindula K2 miliyoni. Koma K4 miliyoni ija inali madola 5,000, pamene K6 miliyoni iyi ndi madola pafupifupi 3,430 pamtengo wa kubanki. Banjalo lataya pafupifupi limodzi mwa magawo atatu a chuma chake, ndipo likafuna kuitanitsa Vitz ina yofanana ndi yoyamba ija, ndalamazo sizikwana. Galimoto sidakwere mtengo, kwacha ndi imene idatsika.

Izi sizikutanthauza kuti kuika ndalama m'galimoto n'kupusa. M'miyezi yambiri ya 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi 30 peresenti n'kupitirira poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo, ndipo ndalama zongosungidwa pansi pa matiresi zidasungunuka mofulumira kuposa galimoto. Popeza magalimoto onse timachita kuitanitsa kunja, mtengo wake umatsatira dola. Koma kutsatira dola si kupanga phindu. Galimoto ndi chidebe chodontha: zina zimadontha pang'ono, zina kwambiri. Ntchito yathu posankha ndi kupeza chodontha pang'ono, osati kunamiza makolo kuti chidebecho chizidzaza chokha.

Amene mukuganiza za ngongole, masamu omwewa ndi anu. Mu Febuluwale 2024 Reserve Bank idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki akamabwereketsa munthu wamba amaikaponso pawo pamwamba. Ambirife tikutuluka ku koleji tili kale ndi ngongole ya Loans Board. Kusanjikiza ngongole yachiwiri chifukwa cha galimoto yodula kuposa imene mukufunikira ndi kugwirira ntchito banki. Za katapila ndiye tisayambe n'komwe.

Wogula wachiwiri ndi ndani?

Muganizireni bwino munthu ameneyu. Ku Mwanza, kawirikawiri amakhala mphunzitsi, namwino wa pachipatala cha boma, wapolisi kapena wogwira ntchito paboda, wamalonda wa pamsika, kapena mnyamata amene akufuna galimoto yoti aziyendetsa takisi. Mukaitengera ku Blantyre mudzakumana ndi anthu a mtundu womwewu. Iyi ndi galimoto yake yoyamba, ndalama zake ndi zosonkhanitsa movutikira, ndipo chimene amaopa kwambiri ndi galimoto yokhala pamiyala pakhomo anthu n'kumamuseka.

Munthu wotereyu sabwera yekha. Amabwera ndi makaniko wake, ndipo amene amagamula ndi makanikoyo. Akangotsekula boneti n'kupukusa mutu kuti “izi n'zovuta masipeyala, bwana”, malonda athera pomwepo, ngakhale mutalumbira kuti galimotoyo sidakuvutitsenipo. Akaona injini imene waimasulapo kambirimbiri, amangomvetsera kulira kwake, kuyang'ana oyilo ndi utsi, n'kunena kuti lipirani.

Apa ndi pamene pagona mphamvu ya Toyota pamsika wathu, ndipo si zamatsenga. Injini ya 1.0 yotchedwa 1KR imapezeka mu Vitz, Passo ndi Belta. Ya 1.5 yotchedwa 1NZ ili mu Vitz zina, Ractis, Sienta, Probox, Corolla Axio ndi Fielder. Ma Sienta amene adzaza m'misewu yathu ngati matakisi apangitsa kuti wogulitsa masipeyala aliyense azisunga mapulagi, makoyilo, mafyuluta ndi malamba a injini imeneyi. Ku Ndirande ndi ku Limbe mukhoza kupeza chatsopano, chakale chochotsa pa ina yangozi, ngakhalenso injini yathunthu. Kuchokera ku Mwanza kukafika ku Blantyre ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100. Sipeyala yopezeka mumaituma m'mawa pa minibasi, madzulo galimoto yadzuka. Yosowa mumaidikira masabata kuchokera ku Johannesburg kapena ku Dubai, ndipo mumalipira m'madola amene mabanki alibe.

Honda Fit, Mazda Demio, Nissan Note ndi Suzuki Swift nazonso zilipo zambiri, ndipo amakaniko ayamba kuzizolowera. Fit imaposa zinzake pa malo am'kati, mipando yake yakumbuyo imapindika bwino moti katundu amalowa wodabwitsa. Demio imakoma kuyendetsa. Koma m'kati mwa dzina limodzi mumakhala mitundu yosiyana, ndipo ina imaopseza wogula wachiwiri. Fit ya hybrid imene idatuluka mu 2013 idabwera ndi giyabokosi ya makilatchi awiri imene Honda idachita kuitanitsanso kangapo ku Japan mu 2013 ndi 2014 kuti ikonzedwe. Demio ya dizilo ili ndi sefa ya utsi imene imatsekeka galimoto ikamangoyenda maulendo afupiafupi. Note zina za kuyambira 2012 zili ndi supercharger, ndipo Polo zambiri zili ndi injini ya TSI ndi giyabokosi ya DSG, zimene zimafuna kompyuta ndi munthu wozidziwa. Ku Tokyo kapena ku Berlin zimenezi ndi luso lapamwamba. Pansi pa mtengo wa mango pamene makaniko wa kwathu amagwirira ntchito, ndi chifukwa chotsitsira mtengo.

Lamulo langa ndi ili: pamtundu uliwonse, tengani wa injini ya petulo wamba, yopanda turbo, imene ikupezeka yambiri m'misewu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Msewu wa kwathu uli ndi mawu

Galimoto imene imasunga mtengo ku Area 47 si imene ingasunge mtengo kwa Kanduku. Phula lathu ndi msewu wa M6 wochokera pa Zalewa kukafika paboda. Mukangoutaya kulowera ku Kunenekude, ku Thambani kapena kumidzi ina, mwalowa m'fumbi, m'miyala ndi m'mitunda, ndipo mvula ikagwa ndi matope ndi mizere yokumbidwa ndi madzi. Timagalimoto ta ku Japan tidapangidwira misewu yosalala, ndipo tambiri n'tatifupi pansi.

Choncho musanakopeke ndi china chilichonse, gwadani muyang'ane kunsi. Pewani zimene zili ndi mabampala otsika okongoletsera, zimene mwini wake woyamba adazitsitsa dala, ndi za marimu aakulu a matayala opyapyala. Tayala lopyapyala limaphulika pa dzenje limodzi ndipo limadula. Tayala la saizi 14 kapena 15 lokhala ndi mnofu limapirira, ndipo mumalipeza paliponse, ngakhale lakale. Galimoto imene yakhala ikukhula mimba pamiyala kwa zaka zitatu imadziulula yokha: bampala womangidwa ndi waya, ekizozi yophwanyika, kugogoda kwa mashoko. Wogula amachotsera chilichonse pamtengo.

Kukula kwa injini nakonso n'kofunika. Kuchokera pa mlatho wa Shire pa Zalewa kubwera ku Mwanza, msewu umakwera. Injini ya 1.0 ya masilinda atatu imamwa pang'ono m'tauni, koma ikanyamula anthu asanu ndi katundu pamtunda imalira, ndipo dalaivala amaiponda mpaka kupulumutsa mafuta kuja kutha. Daihatsu Mira ndi tinzake ta 660cc n'totchipa ndipo timagulika msanga m'mizinda, koma si ta banja la kumapiri. Kwa ine, 1.3 ndiye pakati pabwino: msonkho ndi mafuta zikadali pansi, mphamvu ilipo, ndipo wogula wa takisi ndi wogula wa banja onse amaifuna. Galimoto yofunidwa ndi magulu awiri a ogula sichedwa pamsika.

Zodutsa paboda

Ife a ku Mwanza tili ndi khomo lina limene anzathu a maboma ena alibe pafupi. Abale athu a ku South Africa amabwera ndi magalimoto kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Zobue, n'kulowera pakhomo pathu penipeni. Nthawi ya Khirisimasi, wina akafuna ndalama yobwererera, mtengo umakhala wokoma. Pali zinthu ziwiri zoyenera kuunika.

Choyamba ndi ngati kampani yake ikadalipo. General Motors idachoka ku South Africa kumapeto kwa 2017, ndipo Chevrolet Spark idasiya kugulitsidwa kumeneko. Nissan idathetsa dzina la Datsun mu 2022, ndipo Datsun Go idathera pomwepo. Ford idalengeza mu 2021 kuti ikusiya kupanga magalimoto ku India, kumene Figo inkachokera, ndipo Fiesta yomaliza idapangidwa mu Julayi 2023. Masipeyala a magalimoto amenewa sadathe tsiku limodzi, koma chaka chilichonse akucheperachepera, ndipo kuno sadachulukepo n'kale. Polo Vivo, imene imapangidwa ku Kariega ndipo ndi imodzi mwa galimoto zogulidwa kwambiri ku South Africa, ili ndi nkhani yosiyana: injini yake ndi yosavuta ndipo masipeyala amabwera pa basi. Ngati m'bale akuumirira za ku Joni, imeneyi ndi yomveka.

Chachiwiri ndi mapepala, ndipo apa musachite manyazi ngakhale wogulitsayo ndi msuweni. Galimoto imene yalowa ndi chilolezo chongoyendera kwa kanthawi, ikadali ndi nambala yakunja, sinakhale ya ku Malawi. Msonkho wake sudalipidwe, ndipo MRA ikhoza kuilanda ili m'manja mwanu. Yochokera ku South Africa iyenera kukhala ndi chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yobedwa. Kaya yachokera kuti, nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zolembedwa mu blue book, ndipo kusintha umwini kuchitike ku Road Traffic, inu ndi wogulitsa nonse mulipo, osati kudzera mwa madobadoba a pageti. Galimoto yambiri m'midzi ikuyenda m'dzina la munthu amene adaigulitsa kalekale, mwina adasamuka kapena adamwalira. Tsiku logulitsa, wogula wanzeru amathawa, ndipo wotsala ndi uja amene akufuna kuitenga pa theka la mtengo.

Kwa za ku Japan, pemphani pepala la kumsika wa okushoni. Limasonyeza makilomita ndi giredi ya galimoto. Giredi 4 kapena 4.5 ndi yabwino, pamene chilembo cha R chimatanthauza kuti idachitapo ngozi n'kukonzedwa. Lisungeni pepalalo, chifukwa tsiku lina lidzakuyankhulirani.

Zimene anganene otsutsa

Wina adzati: Toyota imagulika bwino, inde, koma mumayamba mwailipira modula, ndiye phindu lili pati? Funsoli ndi lolondola, ndipo yankho lake ndi masamu, osati chikondi cha dzina. Chofunika si mtengo wogulitsira pawokha, koma kusiyana kwa wogulira ndi wogulitsira, kuphatikizapo zokonzetsa ndi mafuta a zaka zonsezo. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka, kwacha itakhala kuti sidasunthe. Galimoto yoyamba mwagula K12 miliyoni, mwagulitsa K9 miliyoni: yadya K3 miliyoni. Yachiwiri mwagula K9 miliyoni, mwagulitsa K5 miliyoni: yadya K4 miliyoni, ngakhale inkaoneka yotchipa. Koma yachiwiriyo mukadaipeza pa K7 miliyoni, ikadadya K2 miliyoni yokha n'kupambana. Ndiye Demio kapena Swift yosamalidwa bwino, yopezeka pamtengo wotsika ndithu, ikhoza kuposa Vitz yotopa imene mwini wake akuikweza chifukwa cha chizindikiro. Ndipo ngati banja latsimikiza kuti lidzayendera galimotoyo mpaka idzafe, mtengo wogulitsira ulibe kulemera kwenikweni. Kungoti mabanja amene angalonjeze zimenezi ndi ochepa, chifukwa mavuto sapangana nawe tsiku.

Wina adzati: nanga hybrid, ndi mmene mafuta akuvutiramu? Apa ndikuvomereza kuti msika ukusintha. Mu Novembala 2023 MERA idakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo mizere ya pamafilingi siteshoni ya 2022 ndi 2024 tonse tikuikumbukira. Toyota Aqua, imene idatuluka ku Japan kumapeto kwa 2011, imayenda mtunda wautali pa lita imodzi kuposa Vitz, ndipo ogula a m'mizinda akuifuna. Koma Aqua ndi yaifupi pansi, batire lake lalikulu limakhala litakalamba pofika kuno, ndipo limaziziritsidwa ndi kafani kokoka mpweya pafupi ndi mpando wakumbuyo, kamene fumbi la kwathu limakatseka. Batire likafooka, wogula amachotsera mtengo wa lina pamalonda. Kwa wachinyamata wogwira ntchito ku Blantyre, woyenda paphula tsiku lililonse ndipo amadziwa garaja ya hybrid, Aqua ndi nzeru. Kwa banja lokhala kutali ndi phula, nthawi yake sinakwane.

Chotsutsa chachitatu ndi chimene chimandilemera kwambiri: kodi tiike ndalama patsogolo pa moyo? Ayi. M6 ndi msewu wa mathiraki ndi matankala ochokera ku Tete ndi ku Beira, ndipo kagalimoto kakang'ono kalibe pobisala. Mu 2017 bungwe la Global NCAP, pamodzi ndi AA ya ku South Africa, lidayesa pangozi magalimoto ang'onoang'ono ogulitsidwa kumeneko. Chery QQ3 idapeza nyenyezi 0 pa chitetezo cha akuluakulu, Datsun Go+ idapeza imodzi, pamene Toyota Etios idapeza 4. Zonsezi zinali zatsopano, zosayendapo. Utsopano pawokha suteteza munthu. Ku Japan, kuyambira Okutobala 2014 galimoto zonse zatsopano za anthu, kupatula tija ta 660cc timene tidapatsidwa nthawi yowonjezera, zidayenera kukhala ndi chipangizo chothandiza kuti galimoto isaterereke pokhota. Ngati ndalama zikulola, yang'anani ya chaka chimenecho kapena chapatsogolo pake, yokhala ndi ABS ndi ma airbag amene sadaphulikepo. Mwamwayi, apa chitetezo ndi mtengo zimayendera limodzi, chifukwa galimoto yocheperako zaka ndi imenenso idzakhale ikufunidwa pakatha zaka zinayi.

Mtengo umasungidwanso pakhomo

Kusankha bwino ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi mmene banja lidzaisungire. Vitz, Fit ndi Note zambiri zili ndi giyabokosi ya CVT, imene imafuna oyilo wakewake. Kuthiramo oyilo wa otomatiki wamba chifukwa ndi amene wapezeka pagolosale ndi kuipha pang'onopang'ono. Fyuluta ya mpweya kwathu kwafumbi imafuna kusinthidwa msanga kuposa mmene buku limanenera. Petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, amene amachuluka mafuta akasowa, sadziwika chimene chasakanizidwamo. Mu radiyeta muzilowa coolant, osati madzi a pamjigo amene amadyetsa dzimbiri.

Gulani kabuku kapena tsegulani tsamba pafoni, muzilemba tsiku, makilomita ndi chimene chasinthidwa, n'kusunga malisiti. Ogulitsa ambiri amangolumbira pakamwa kuti galimoto idasamalidwa. Inu mudzaonetsa. Penti isiyeni mmene idabwerera: yoyera ndi yasiliva sizionetsa fumbi ndi zokala, sizitentha kwambiri, ndipo sizikanidwa ndi aliyense. Masipika odula mawaya, magetsi amitundumitundu ndi zomatamata zimauza wogula kuti galimotoyi inali m'manja mwa mnyamata wothamanga.

Chovuta kwambiri ndi kukana. Galimoto ikafika pamudzi imasanduka ya mudzi wonse: maliro, ukwati, matumba a nandolo, mbuzi ya chinkhoswe. Kuthandiza pa matenda ndi pamaliro ndi umunthu, ndipo palibe amene angatsutse. Koma kagalimoto ka anthu asanu kakamanyamula asanu ndi atatu ndi matumba anayi, kapena kakamabwerekedwa kwa aliyense amene akuti amatha kuyendetsa, ndalama za banja zikutha mwakachetechete. Ndi bwino banja ligwirizane malamulo ake galimoto isanafike, akulu ali pomwepo, kuti mawa wokana asadzaoneke wodzikonda.

Musanapereke yankho

Safunsa adadya phula. Musanauze makolo dzina la galimoto, chitani kafukufuku wa tsiku limodzi, wosafuna ndalama. Pitani kwa ogulitsa masipeyala atatu, pa Mwanza boma kapena ku Limbe, mufunse mtengo wa mashoko akutsogolo, pampu ya mafuta ndi nyali yakutsogolo ya galimoto imene mukuiganizira. Akakuuzani kuti “tiyitanitsa”, lembani. Funsani amakaniko awiri amene sakudziwana kuti ndi iti imene angagulire mayi awo. Funsani oyendetsa matakisi kuti ndi iti imene angaigule lero ndalama zitapezeka. Kenako lowani m'magulu ogulitsirana magalimoto pa Facebook, muone imene imalembedwa kuti yagulidwa pakangopita masiku, ndi imene imabwerezedwa mwezi ndi mwezi mtengo ukutsika.

Mayankho ake kawirikawiri adzakulozerani kagalimoto koyera kapena kasiliva, ka 1.3, ka petulo wamba, kamene kali ndi anzake khumi pamsewu uliwonse. Anzanu a ku koleji sadzakajambula. Koma ndalama zimene zagula si za chithunzi, ndi za manachesi a zaka zisanu ndi thukuta la ku Joni, ndipo eni ake adzazifunanso.